Desert rose ndi impala lily: kuwasiyanitsa ndi kuwasamala kuti asaole

Mwezi wa Juni ukafika, anthu ambiri amene ali ndi desert rose pakhonde amayamba kuda nkhawa. Masamba amasanduka achikasu, kenako amayoyoka limodzilimodzi mpaka kutsala nthambi zokhazokha. Mwini wake poona choncho amangoti duwa langa lafa ndi ludzu, ndiye amalithirira m'mawa ndi madzulo. Pofika Ogasiti tsinde lija lafewa, layamba kununkha, ndipo palibenso chopulumutsa. Duwalo silinadwale ayi. Linali litagona monga limachitira chaka ndi chaka, ndipo chalipha ndi madzi ajawo.

Desert rose ndi zomera zina za mtundu wake akatswiri a zomera amazitcha Adenium. Zili m'banja limodzi ndi oleander komanso frangipani, mitengo yamaluwa ija timaiona pabwalo la tchalitchi, kusukulu ndi m'mipanda ya m'tauni. Chosiyanitsa adenium ndi abale akewo ndi tsinde lake lotupa m'munsi, la khungu lotuwa losalala, loti ukaliona chapatali umangoti kamlambe kobzalidwa mumphika. M'tsinde limenelo ndi m'mizu yake yonenepa ndi momwe chomeracho chimasunga madzi odutsira miyezi 5 kapena 6 yopanda mvula. Masamba ndi amene amataya madzi, choncho kunja kukauma kapena kukazizira chimawagwetsa dala, n'kukhala phee kudikira kuti kutenthe. Mizu ya chomera chogona simamwa madzi. Amene mwathirawo amangodikha m'dothi lozizira, ndipo nkhungu zoyambitsa kuola zimapeza polowera.

Chovutitsa n'chakuti kuno timakumana ndi mitundu iwiri ya adenium yofanana kwambiri thupi, koma yosiyana nthawi yogona ndi nthawi yochita maluwa. Munthu wosadziwa mtundu umene ali nawo amathirira pa nthawi yolakwika, kapena amataya chomera chabwinobwino chifukwa chakhala zaka zitatu osaonetsa duwa.

Mitundu iwiriyo ndi kumene imachokera

Woyamba ndi Adenium obesum, amene ogulitsa maluwa amamutcha desert rose. Kwawo ndi kumpoto kwathu: chigawo cha Sahel kuyambira ku Senegal mpaka ku Sudan, kutsika kudzera ku Somalia, Kenya ndi Tanzania, komanso ku Arabia. Peter Forsskål, amene anali pa ulendo wofufuza wotumizidwa ndi mfumu ya Denmark, anamupeza ku Yemen. Iye anamwalira komweko mu 1763, ndipo zolemba zake zinasindikizidwa mu 1775 chomeracho chili m'gulu la oleander. Dzina la Adenium linabwera mu 1819. Pafupifupi desert rose aliyense wogulitsidwa m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Harare ndi wa mtundu umenewu kapena wobadwa kwa iwo.

Wachiwiri ndi wathuwathu, Adenium multiflorum. Ku South Africa amamutcha impala lily, ku Zimbabwe Sabi star. Amamera yekha m'malo otsika, otentha, amiyala kapena amchenga a ku Mozambique, Zimbabwe, Zambia, kumwera kwa Malawi, Eswatini ndi kumpoto chakum'mawa kwa South Africa. Chomera chimene akatswiri anagwiritsa ntchito pomupatsa dzina chinatengedwa ku Tete ndi Mjeremani Wilhelm Peters, amene anayenda m'chigwa cha Zambezi m'zaka za m'ma 1840, ndipo dzinalo, lolembedwa ndi Johann Friedrich Klotzsch, linasindikizidwa mu 1861. Amene anafikako ku Shingwedzi, m'nkhalango ya Kruger ku South Africa, mwezi wa Julayi amadziwa momwe amaonekera akaphuka: tchire lonse lauma, udzu wayera, iye yekha wadzaza maluwa popanda tsamba ndi limodzi lomwe. Akatswiri ena akale ankamuwerengera ngati nthambi chabe ya obesum, koma mlimi wamaluwa sangawaphatikize, chifukwa khalidwe lawo mumphika n'losiyana.

Njira yosavuta yowasiyanitsira ndi kuona nthawi ya maluwa. Impala lily amaphuka m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Sepitembala, atagwetsa masamba onse. Amachita kamodzi pa chaka, basi. Desert rose amaphuka kukatentha, masamba ali pomwepo, ndipo akasamalidwa bwino amabwereza kangapo kuyambira Sepitembala mpaka mvula itatha. Mukaona adenium wa masamba obiriwira ndi maluwa mu Disembala, ameneyo si impala lily.

Duwa lenilenilo likatengedwa m'manja limanenanso zambiri. La impala lily lili ndi timasamba 5 tosongoka kunsonga ngati nyenyezi, toyera pakati, tokhala ndi mzere wofiira kwambiri m'mbali monse, ndipo m'mbalimo n'mopiringizika pang'ono. Mukasuzumira m'kati mwa kakhosi ka duwalo muona mizere yofiira yotsikira pansi ndi tizingwe 5 taubweya totulukira kunja ndithu. Kukula kwake ndi masentimita 5 mpaka 7. La desert rose wamba ndi lapinki kapena lofiira, loyererapo chakukhosi, nsonga zake zobulungira, ndipo mtundu wake umasungunuka pang'onopang'ono kuchoka m'mbali kupita pakati m'malo mokhala mzere wodulidwa bwino. Masamba a impala lily ndi otambalala kunsonga, onyezimira pamwamba, otalika mpaka masentimita 10, ndipo amaunjikana kumapeto kwa nthambi. A desert rose amasiyanasiyana kwambiri, choncho masamba paokha si umboni wodalirika. Pa msinkhu, impala lily wam'tchire amafika mamita 3.

Pali mtundu wachitatu umene nthawi zina umapezeka kwa ochokera ku Joni, Adenium swazicum wa ku Eswatini ndi madera oyandikana nawo. Ndi wamfupi, nthambi zake zofooka zogwera m'mbali, masamba opyapyala aubweya pang'ono, duwa lapinki lofanana paliponse, ndipo amapirira kuzizira kuposa anzake.

Nanga aja a maluwa odzaza ngati rozi, achikasu, ofiirira mpaka kuderako, kapena amizeremizere? Amenewo ndi ntchito ya alimi a ku Thailand ndi ku Taiwan, amene akhala akusankha ndi kukwatitsa mitundu kwa zaka zambiri. Duwa lotero silibwereranso chimodzimodzi kudzera m'njere, choncho amadula nthambi yake n'kuimezanitsa pa tsinde la desert rose wamba. Yang'anani pamwamba pa tsinde lotupalo: mupeza chipsera chozungulira kapena chooneka ngati chilembo V pamene nthambi inalumikizidwa. Mphukira iliyonse yotuluka m'munsi mwa chipseracho ndi ya tsinde, osati ya duwa lomwe munagula, ndipo mukaisiya imakula mwamphamvu n'kufooketsa yapamwambayo. Ithyoleni ikadali yaing'ono. Za njere za pa intaneti zolonjeza desert rose wabuluu, sungani ndalama zanu. Adenium wabuluu kulibe, zithunzizo n'zopakidwa pa kompyuta.

Zomera ziwiri zimasokonezanso ogula. Pachypodium ali ndi tsinde lotupa lofanana, koma ali ndi minga, pamene adenium alibe munga ngakhale umodzi. Nthambi ya frangipani yongobzalidwa kumene imafanananso ndi adenium wopanda masamba, koma mukaikanda pamatuluka utomoni woyera ngati wa nkhadze, pamene wa adenium ndi wamadzimadzi.

Utomoni umenewo ndi poizoni, ndipo izi si zongoopsezana. Muli mankhwala amene amasokoneza kagundidwe ka mtima. Alenje a mtundu wa Hadza ku Tanzania amapaka mivi yawo ululu wochokera ku desert rose, ndipo impala lily wakhala akugwiritsidwa ntchito pophera nsomba komanso pa mivi. Kukhudza tsamba sikuvulaza, koma podulira valani magolovesi kapena pulasitiki m'manja, musadzigwire m'maso, ndipo mpeni utsukidwe ndi sopo usanabwerere kukhitchini. Pakhomo pamene pali mwana wokwawa, galu wamng'ono wokonda kutafuna kapena mbuzi zolowa mumpanda, mphika uikidwe pamwamba. Wina akakuuzani kuti muzu wake ndi mankhwala akumwa, musayese.

Dothi, mphika ndi dzuwa

Ogulitsa ambiri amabzala adenium m'machubu akuda odzaza dothi la kudambo, chifukwa ndi lomwe amabzalira maluwa ena onse. Kwa iwo zimayenda, poti chomeracho chimagulidwa msanga. Kwa inu dothi limenelo ndi msampha. Makande ndi katondo zimagwira madzi masiku ambiri, zikauma zimalimba gwa, ndipo mizu imasowa mpweya. Mukafika nacho kunyumba chichotseni, gwedezani dothi lonse lichoke, muone mizu. Yabwino ndi yoyera kapena yotuwa, yolimba.

Dothi loyenera ndi loti mukathira madzi amatuluka pansi nthawi yomweyo. Sakanizani magawo awiri a mchenga wa kumtsinje wokhakhala, gawo limodzi la timiyala kapena njerwa zootcha zophwanyidwa kukula ngati njere za chimanga, ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino. Zinyenyeswa za makala zotsala pansi pa thumba n'zabwino kuwonjezera. Mchenga wosalala wopangira pulasitala musaugwiritse ntchito, umatsekera timipata. Muyeso wake ndi uwu: nyowetsani pang'ono, fumbatani m'dzanja, tambasulani. Likagumuka lokha lili bwino. Likatsala mpira, onjezani mchenga ndi miyala.

Mphika wadothi wootcha umaposa wapulasitiki chifukwa umapuma ndipo umauma msanga, koma uliwonse ungagwire ntchito bola ukhale ndi mabowo akuluakulu pansi. Wotambalala ndi wosazama ndi umene umayenera mizu ya adenium. Ukhale wokulirapo pang'ono chabe kuposa tsinde. Kamtengo kakang'ono m'chimphika chachikulu kamaola, chifukwa dothi lambiri losafikidwa ndi mizu limakhala lonyowa nthawi yaitali. Kambale kolandirira madzi pansi kachotseni, ndipo mphika ukhale pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka komanso chiswe chisalowe.

Dzuwa likufunika lambiri, maola 6 kapena kuposa pa tsiku. Adenium wa pabalaza amatalika nthambi zowonda, zotumbululuka, ndipo sachita maluwa. Chenjezo n'loti chomera chimene chakhala pamthunzi chisatulutsidwe mwadzidzidzi pa dzuwa la Okutobala, chimapsa khungu n'kutsala ndi zipsera. Chizolowereni kwa masabata awiri, kuyamba ndi dzuwa la m'mawa.

Kuthirira motsata nyengo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu amamva kuti ndi duwa la m'chipululu n'kuganiza kuti silifuna madzi. Ena amalitenga ngati duwa lina lililonse. Onse awiri amalakwitsa. Kukatentha ndipo masamba ali obiriwira, adenium amamwa madzi kwambiri. Kuyambira Sepitembala mpaka Novembala, m'dothi lamchenga lija, mutha kuthirira kawiri kapena katatu pa sabata: thirani mpaka madzi atuluke pansi, kenako dikirani dothi liume musanabwerezenso. Lowetsani chala kapena kamtengo mpaka pakati pa mphika. Kakatuluka konyowa, dikirani.

M'dzinja mvula yogwa n'kukata dzuwa n'kuwala siivuta. Choopsa ndi mvula ya mvumbi, yamasiku anayi kapena asanu osalekeza, monga imachitira mu Januwale ndi Febuluwale. Zikatero kokerani mphika pakhonde.

Kuyambira Epulo yambani kuchepetsa. Masamba akayamba kugwa, lekani. Impala lily safuna madzi m'pang'ono pomwe kuyambira Meyi mpaka atatulutsa masamba atsopano, ngakhale ali ndi maluwa, chifukwa maluwawo akudya zomwe anasunga m'tsinde. Ndipotu amene amathiriridwa m'chisanu nthawi zambiri saphuka bwino. Desert rose ndi wosiyana pang'ono: kumalo ofunda monga ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima kapena Tete akhoza kusunga masamba ena chaka chonse, ndipo madzi pang'ono kamodzi pa masabata atatu kapena anayi amamukwanira. Kumalo okwera monga Dedza, Mzuzu ndi Ntcheu, kumene usiku wa Juni ndi Julayi umatsika pansi pa madigiri 10, asiyidwe wouma. Ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje mdani wamkulu ndi chiperoni, chifukwa chimabweretsa zinthu ziwiri zoopsazo pamodzi, kuzizira ndi chinyezi. Chikayamba, mphika ulowe pansi pa denga. Kuzizira kokha adenium amapirira pang'ono, madzi okha amapiriranso, koma zikakumana tsinde limaola pa masiku ochepa.

Amene ali ku Johannesburg akumbukire kuti chisanu cha kumeneko chimaundanitsa madzi, ndipo usiku umodzi wotero umapha nthambi zonse, choncho mphika ugone m'nyumba. Ku Britain kalendala imatembenuka: nthawi yogona ndi Novembala mpaka Malichi, pawindo loyang'ana kumwera, popanda madzi kapena ndi ochepa kwambiri.

Tsinde lenilenilo ndi limene limakuuzani zoona. Likanikizeni ndi chala chachikulu. Lolimba gwa lili bwino. Likakhala lofewerapo pang'ono ponseponse, khungu litachita makwinya, dothi lili louma ndipo kunja kukutentha, ndi ludzu: thirirani, pakapita masiku atatu kapena anayi lidzalimbanso. Koma likafewa mbali imodzi, makamaka chapansi pafupi ndi dothi, khungu litada kapena likusupuka mukalikanda, kumeneko ndi kuola, ndipo madzi angowonjezera vuto. Zizindikiro ziwirizi zimafanana kwa wongoyamba kumene, n'chifukwa chake muyenera kuona dothi kaye musananyamule kheni.

Kuola kukagwidwa msanga chomera chimapulumuka, koma pamafunika kulimba mtima. Chizuleni, tsukani mizu, tengani mpeni wakuthwa wopukutidwa ndi spiriti. Dulani mbali yonse yofewa. M'kati mwa tsinde labwino ndi moyera. Mukaona kadontho kabulauni kapena kamzere kakuda, dulaninso, kupukuta mpeni nthawi iliyonse, mpaka patsale poyera pokhapokha, ngakhale zitatanthauza kutaya theka la tsinde. Ambiri amalephera apa chifukwa cha chisoni, amasiya kachidutswa kodwala ndipo kuola kumayambiranso. Pakani phulusa kapena ufa wa makala pabalapo, chipachikeni pamthunzi podutsa mphepo kwa sabata imodzi kapena awiri mpaka bala liume, kenako bzalani m'dothi latsopano louma. Madzi adikire sabata inanso. Ngati kuola kwakwera tsinde lonse, pulumutsani nthambi zolimba zapamwamba muzibzale pazokha.

Pa feteleza, dzanja likhale lopepuka. Wa chimanga monga Urea ndi CAN ali ndi nayitrojeni wambiri, amabweretsa masamba ndi nthambi zowonda zamadzimadzi m'malo mwa maluwa. Timibulu tochepa ta D compound kamodzi pa mwezi m'nyengo yotentha, kutali ndi tsinde, tikukwana. Chomera chikagona, feteleza ayi.

Kuchulukitsa: njere kapena nthambi

Nthambi ndiyo njira yachangu. Dulani yokhwima yotalika masentimita 15 kapena 20 kukayamba kutentha, iume pamthunzi masiku angapo, muibzale mumchenga wonyowa pang'ono. Imaphuka msanga ndipo duwa lake limafanana ndi la mayi wake. Chimene sichibwera ndi tsinde lotupa lokongola lija. Chomera cha nthambi chimanenepa mizu pansi pakapita zaka, koma m'munsi mwake mumakhala mowongoka ngati mtengo wamba. Pogula, izi n'zofunika kuzidziwa, chifukwa mtengo wake suyenera kufanana ndi wa chomera cha njere.

Njere zimabwera m'zikhokhombe ziwiri zotuluka pamalo amodzi ngati nyanga, ndipo za impala lily zimatalika kupitirira masentimita 20. Chomera chokhala chokha sichibereka kawirikawiri, zimayenda bwino pakakhala ziwiri zosiyana makolo zophuka nthawi imodzi. Zikhokhombe zikayamba kukhwima zimangeni ndi ulusi kapena zivekeni kachidutswa ka neti, chifukwa zikang'ambika njere zimauluka. Njere iliyonse ndi yaitali ngati kamtengo, ili ndi ubweya mbali zonse ziwiri. Chotsani ubweyawo, igonekeni chopingasa pamchenga, kwirirani pang'ono chabe. Zatsopano zimamera pasanathe sabata imodzi kapena awiri kukakhala kotentha, koma zikakhalitsa miyezi yambiri mphamvu imatha, n'chifukwa chake zogula kutali zimakhumudwitsa. Mbande zing'onozing'ono siziyenera kuuma ngati zazikulu, ndipo katsinde kotupa kamaoneka m'mwezi woyamba womwe. Desert rose wa njere atha kuphuka m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Impala lily amatenga zaka 4 kapena 5, nthawi zina kuposa.

Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumachititsa anthu kukakumba akuluakulu m'tchire. Ku Zimbabwe Sabi star ndi chomera chotetezedwa ndi lamulo, ndipo m'madera ena a chigawo chino chachepa chifukwa cha okumba ogulitsa ndi ofuna mankhwala. Wokumbidwa m'tchire amadziwika: mizu yodulidwa ndi khasu, zipsera zakale, tsinde lalikulu losagwirizana ndi kachubu komwe alimo. Ambiri otere amafa m'chaka choyamba, chifukwa mabala a mizu amaola. Ine sindingagule, ngakhale atatchipa bwanji.

Maonekedwe aja a mizu yopotana pamwamba pa dothi, amene amakometsa adenium wa pachithunzi, amapangidwa ndi mlimi. Pa zaka ziwiri zilizonse, kumayambiriro kwa nyengo yotentha, chomera chimasamutsidwa n'kubzalidwa chokwezeka masentimita 2 kapena 3 kuposa kale, kuti mizu yonenepa ituluke poyera. Timizu ting'onoting'ono totsala pamwamba timadulidwa. Mbali yongotulukayo ndi yanthete, iphimbeni ndi kansalu kapena muike mphika pa dzuwa la m'mawa lokha kwa masabata awiri kapena atatu. Nthawi yomweyo ndi yabwino kudulira nthambi zotalika za desert rose, chifukwa maluwa amabwera kunsonga ndipo nthambi imodzi yodulidwa imatulutsa ziwiri kapena zitatu. Impala lily adulidwe akangomaliza kuphuka. Mukamudula mu Epulo mwataya maluwa a chaka chimenecho.

Tizilombo take si tambiri. Nsabwe zachikasu zimaunjikana pa mphukira ndi pa maluwa osatsegula, kodikodi amabisala m'mphanda za nthambi ngakhalenso m'mizu, ndipo kangaude wofiira, yemwe uja amavuta pa tomato, amabwera kukatentha ndi kuuma n'kuchititsa masamba timadontho totuwa. Madzi a sopo wochepa opopera madzulo, makamaka kunsi kwa masamba, amathandiza pa zonsezi, ndipo nyerere zikamakwera tsinde dziwani kuti nsabwe kapena kodikodi alipo penapake. Chodzidzimutsa ndi mbozi yaikulu yobiriwira, yonenepa ngati chala, yokhala ndi madontho awiri abuluu ngati maso chakumutu. Ndi mwana wa gulugufe wausiku amene amakondanso oleander, poizoni uja samuchita kanthu, ndipo ziwiri zokha zimatha masamba a chomera chaching'ono m'masiku awiri. Imabisala bwino kunsi kwa tsamba, koma timibulu takuda ta ndowe zake pansi pa mphika timaiulula. Ichotseni ndi dzanja, osafuna mankhwala, ndipo masamba amaphukanso pakapita masabata ochepa.